Nerio Gaddoni ndi Chigubu cha Mwana Wake

Alamu anga a Nerio Gaddoni anakwatira mlongo wanga Deanna mu 1979, ndipo kuyambira pamenepo sitinatalikiranepo. Shopu yanga ya matayala ndi shopu yawo zinagawana khoma limodzi m'mbali mwa msewu wa Via Emilia, potulukira m'tauni yathu ya Castel Bolognese. Ine ndimagulitsa matayala, iwo amapinda ndi kuwotcherera mapaipi otulutsira utsi a njinga zamoto, omwe tonse timangoti ekizozi.

Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kwa mkulu wina wa ku Faenza amene ankapanga mapaipi a mbaula. Kumeneko ndiko anaphunzira kudzaza paipi ndi mchenga wouma, kuitseka uku ndi uku, kuiwotcha mpaka ifiire, kenako n'kuipinda pang'onopang'ono osaiphwanya. Makina opindira atafika anagula amodzi, komabe mgolo wa mchenga sunachoke kuseri kwa chitseko. Ndi munthu wamfupi, wa mikono ikuluikulu yodzaza ndi zipsera za moto. Khutu lawo lakumanzere linafa kalekale chifukwa cha phokoso la injini, n'chifukwa chake akamalankhula amakweza mawu ngati akuitana munthu wa tsidya lina la msewu.

Zaka zawo zabwino zinali za m'ma 1990, pamene njinga zothamanga zinayamba kutulutsira utsi pansi pa mpando. A Nerio ankapanga timapaipi tiwiri towonda ngati miyendo ya kakowa, todutsa mokhotakhota kuseri kwa injini n'kukatulukira kumchira, kusiya tayala lakumbuyo lili poyera. Kukakhala mpikisano ku Imola, pabwalo pathu pankadzaza njinga za Ajeremani ndi Aswisi. Deanna ankawaphikira buledi wopyapyala wa piadina pachiwaya, ine n'kumawasinthira matayala, alamu anga n'kumagwada kumbuyo kwa njinga iliyonse, khutu labwino lija ataliyandikiza, kumvetsera ngati dokotala. Akati paipi iyi ikukhosomola, mwini wake sankatsutsa.

Mwana anabereka mmodzi yekha, Morena. Anakulira m'shopumo, ndipo pofika zaka khumi ndi zitatu ankawotcherera mzere woongoka kuposa amuna ambiri a m'tauni muno. Atamaliza sukulu ya ukachenjede ku Bologna analembedwa ntchito pa fakitale ina ya njinga zamoto kufupi ndi mzindawo. Kumeneko anamusayinitsa mapepala oti asamaulule zimene akupanga, ngakhale kwa makolo ake. Bambo ake ankangouza aliyense kuti mwana wawo amagwira za injini, ndipo ankanena zimenezi chifuwa chili patsogolo.

Nthawi yonseyi malamulo a utsi ankabwera kuchokera ku Brussels, likulu la mgwirizano wa mayiko athu, lililonse lolimba kuposa linzake. Palibe amene ankakana kuti mpweya wa m'chigwa chathu ndi woipa. Nthawi yozizira nkhungu imatsekera utsi pansi masabata angapo, ndipo zovala zoyanika panja zimabwerako zikununkha msewu. A Nerio ankadziwa zimenezi, koma ankati olakwa ndi malole, njinga yamoto ndi kanthu kakang'ono kosayenera kuvutitsidwa. Lamulo silinawamvere. Linafuna kuti mu ekizozi iliyonse mukhale sefa yooneka ngati chisa cha njuchi yoyeretsa utsi, linafunanso kuti phokoso litsike. Sefa imafuna malo, kupha phokoso kumafunanso malo, choncho timapaipi towonda tija tinatsika kuchoka pansi pa mpando n'kuyamba kutupa m'mbali mwa njinga. Chaka chilichonse alamu anga ankatsegula magazini n'kupukusa mutu ngati munthu amene akuwerenga uthenga wa maliro.

Lamlungu lina mu Novembala 2016 tinali pa chakudya chamasana kwa Deanna, monga mwa masiku onse: ine ndi mkazi wanga Nives, eni nyumba, ndi Morena amene ankabwera Lamlungu lililonse. Sabata imeneyo kunali chionetsero cha njinga zatsopano ku Milan, ndipo a Nerio anabwera patebulo ndi magazini. Msuzi wa cappelletti usanathe n'komwe m'mbale, anaitsegula n'kundikankhira. Pachithunzipo panali njinga yatsopano ya fakitale ya Morena, yofiira, yosongoka bwino kutsogolo, koma kumanja kwake kunali chiekizozi chachikulu chakuda, chamakona.

"Alamu, taonani ichi," anatero. "Njinga yokongola chonchi n'kuimangirira chigubu cha palafini m'chiuno? Amene wapanga ichi sanakwerepo njinga yamoto, ngakhale chitsulo sanachigwirepo. Ndi kamnyamata kena kongodziwa kudina kompyuta. Iwe Morena, ukakaona mawa ukakauze kuti ndikanakhala bambo wake ndikanasintha dzina."

Ine ndinaseka, ndiyenera kuvomera. Ndinawonjezeranso kuti mwina chigubucho n'chotungira vinyo paulendo. Morena anaika supuni yake pansi bwinobwino.

"Musavutike kusintha dzina, Bambo, silinalembedwe pamenepo. Ndinapanga ndine. Zaka zitatu."

Morena anamaliza msuzi wake, anadya nyama pang'ono, anathandiza mayi ake kutsuka mbale, anawapsompsona patsaya n'kunyamuka. Lamlungu lotsatira sanabwere, ngakhalenso linzake. Pa Khirisimasi anafika, anapatsa aliyense moni ndi mphatso, koma anakhala kumapeto kwa tebulo pafupi ndi Nives, ndipo bambo ake akamufunsa kanthu ankayankha mawu amodzi, mwaulemu wa kwa mlendo.

Deanna sanakalipe. Anangouza mwamuna wake kamodzi kokha kuti foni ili pakhoma ndipo manambala amawadziwa. Iwo anayankha kuti sanalakwe kanthu, chinthu chonyansa ndi chonyansa basi ngakhale atapanga ndi Papa. Ananena zomwezo kwa ine, kwa wogulitsa khofi, ndi kwa aliyense amene sanawafunse n'komwe. Koma kuseri kwa khoma lathu nyundo inkakhala chete nthawi yaitali masana, zomwe sizinkachitika kale. Ine ndinamuimbira Morena kupepesa za nthabwala yanga ya vinyo. Anati, "Musadandaule amalume, inu mumaseka chilichonse," ndipo sindinadziwe ngati wandikhululukira kapena wanditukwana.

Mu Febuluwale kunabwera dokotala wina wa mano wa ku Lugo, kasitomala wanga wakale, atagula njinga yomwe ija. Ankafuna kuti a Nerio achotse chigubucho pamodzi ndi sefa zake, amuikire kapaipi kowonda kaphokoso. Ntchito yotereyi inali yambiri masiku amenewo. Eni njinga ankalonjeza kuti azikathamangitsira kubwalo la mpikisano kokha, ndipo tonse tinkadziwa kuti Loweruka tiwamva akukwera mapiri. A Nerio anaigwira ntchitoyo, dokotala anapita akusangalala, chigubu chija n'kutsala. Anati achitaye pamulu wa zitsulo zakutha. Sanachitaye. Chinakhala patebulo lawo masiku atatu, iwo n'kumachizungulira, ndipo tsiku lachinayi ndinamva sowo yamagetsi ikulira.

Masana omwewo anagogoda pakhoma, chizindikiro chathu choitanirana. Ndinawapeza atachidula pakati m'litali, mbali ziwirizo zili chagada. Ine za ekizozi sindidziwa zambiri, koma anandilondolera ndi chala chawo chakuda. M'katimo munali zipinda zitatu. Utsi unkalowa, kudutsa sefa yoyamba, kubwerera m'mbuyo kudzera m'kapaipi kokhota, kudutsa sefa yachiwiri, kenako kuzungulira kachiwiri usanatuluke. Mbali yoyang'ana phazi la wokwera inali ya makoma awiri kuti asapse. Panalibe malo ongokhala ngakhale olowa chala. Anandionetsa mapepala anayi amene anajambulapo, kuyesa kuchichepetsa osataya kanthu, ndipo onse anayi anali okhwatchidwa.

Kenako ananyamula kachitsulo komangirira chigubucho ku njinga. Bowo lake silinali lozungulira, linali lalitali pang'ono ngati njere ya nyemba.

"Mukuona apa, alamu? Chitsulo chikatentha chimatalika. Ukachimanga pabowo lozungulira chimang'ambika pakapita chaka. Ichi Morena ndinamuphunzitsa ndine, pa tebulo lomweli, akadali ndi timangongo m'mutu."

Anakhala pakampando kawo, kachitsuloko kali m'manja, ndipo ine ndinabwerera ku matayala anga chifukwa ndinaona kuti sakufuna owaonerera.

Foni sanaimbe ayi. Mmalo mwake anatseka chitseko cha shopu milungu iwiri, n'kupanga ekizozi yawo ya njinga yomweyo kuchokera ku chitsulo chopyapyala: sefa ziwiri zomwe zija, zipinda zitatu zomwe zija, koma yowonderako ndi yobisala kwambiri pansi pa injini. Loweruka lina m'mawa anandipempha kuti ndiwaperekeze pa galimoto yanga ku San Lazzaro, komwe Morena ankakhala. Anavala malaya a kutchalitchi. Ekizozi ija anaikulunga m'bulangete la Deanna n'kuinyamula okha masitepe a nyumba zitatu zosanjikizana, kukana kuti ndiwathandize, kupuma pa kona iliyonse.

Morena atatsegula chitseko anayang'ana bambo ake, anayang'ana bulangete, anayang'ananso ine. A Nerio anati abweretsa ntchito yawo kuti aphunzitsi aichonge. Anatilowetsa, anachotsa mbale ya zipatso patebulo la kukhitchini, ndipo anaiyang'ana ekizoziyo nthawi yaitali, kuitembenuza, kusuzumira m'kati ndi tochi ya pafoni. Kenako anatenga cholembera chakuda n'kuyamba kuika zizindikiro pa chitsulocho. Anati sefa yoyamba ili kutali ndi injini, ichedwa kutentha, ndipo sefa yozizira siyeretsa kanthu, choncho njingayo ingalephere mayeso isanathe n'komwe mphindi imodzi. Anati chipinda chapakati chachepa, phokoso lidutsa malire. Anati palibe poika kachipangizo konunkhiza utsi kamene kamauza injini mafuta oyenera. Anaika zizindikiro zisanu ndi ziwiri, ndipo pa chilichonse alamu anga ankagwedeza mutu, khutu labwino atalitembenuzira kwa iye, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

Atafika pomwe mapaipi awiri amakumana pansi pa injini, cholembera chinaima. Anasisita pokhotapo ndi chala n'kufunsa kuti apinda bwanji mothina chonchi popanda makwinya, poti makina a kufakitale analephera mpaka anangolumikiza zidutswa ziwiri. Bambo ake anati ndi mchenga. Morena anaseka, koyamba kuyambira Novembala, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Ndinalankhula zopusa, mwana wanga," anatero a Nerio, ndipo mawu awo anali otsika moti sindinawazindikire. "Ndinachidula chako chija, ndaona m'kati. Ine sindikanatha."

"Ndi chonyansa ndithu, Bambo. Mukuganiza kuti sindikudziwa? Anzanga ojambula maonekedwe a njinga atachiona koyamba anandisala mwezi wathunthu. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti afunse kaye chifukwa chake asanaseke."

"Kunyansako ndi kunja kokha," iwo anatero.

Morena anapukuta m'maso ndi mkono, anatereka khofi, ndipo anatidyetsa mabisiketi ouma omwe anali m'kabati mwina kuyambira Khirisimasi. Tinadya onse. Pobwerera alamu anga anagona m'galimoto, pakamwa pali yasa, ekizozi yawo yolembedwalembedwa ili pamiyendo.

Lamulo lina lolimba linali kubwera mu 2020, ndipo Morena anapempha mabwana ake kuti bambo ake azimupangira zidutswa zoyesera, poti dzanja limapinda m'tsiku limodzi chimene makina amafuna milungu kuti akonzedwe. Anavomera, koma a Nerio nawonso anawasayinitsa mapepala achinsinsi aja. Zimenezi zinawazunza kwambiri. Munthu amene zaka makumi anayi ankandiuza chilichonse, ngakhale za m'mimba mwake, tsopano ankafunditsa nsalu patebulo ndikalowa. Ankangondiyang'ana ndi maso odzaza nkhani, ine n'kumawaseka kuti alamu, mwasanduka kazitape wa Brussels.

Tsiku lina Morena anawatenga kukaona chipinda choyesera utsi. Anabwerako akunena kuti kuli ngati kuchipatala: njinga imathamanga pa zogudubuza osapita kulikonse, paipi yaikulu imayamwa utsi wonse n'kuusunga m'matumba, ndipo anthu ovala zoyera amawerenga manambala osayang'ana n'komwe njingayo. Tsiku limenelo chidutswa chawo chinalephera iwo akuona. Anati zinawawa ngati kuona mwana wako akugwa pa mpikisano, koma anaonanso ndi maso awo kusiyana kwa manambala a njinga yokhala ndi sefa ndi yopanda sefa. Kuyambira sabata imeneyo anasiya ntchito yochotsa masefa. Anzake a dokotala wa mano akabwera ankawauza kuti apite kwina, ndipo ena ankachoka akunena kuti mkuluyu wakalamba, mwana wake wamulowetsa tchalitchi chatsopano. Pabwalo pathu panachepa njinga. Anatsala ndi zakale zija, za timapaipi towonda, zomwe eni ake ankabwera nazo kudzakonzetsa dzimbiri.

Zidutswa zoyesera anapanga khumi ndi ziwiri m'zaka zitatu. Njinga yatsopano itatuluka, thupi lalikulu la ekizozi linali litabisala pansi pa injini, kunja kukuoneka kamlomo kafupi kokha kutsogolo kwa tayala. Pa ntchito yonse ya alamu anga panatsala zinthu ziwiri: kukhota kuja kwa mapaipi awiri, komwe akufakitale anakupangira makina ake, ndi maonekedwe a chivindikiro chotchinga phazi. Zina zonse Morena ndi anzake anazisintha. Iwo sanadandaule. Kumalo athu omwera khofi kunali ena amene ankanenabe kuti njinga za masiku ano zili ndi mimba ngati ng'ombe ya bere, ndipo a Nerio ankangowafunsa ngati anadulapo imodzi n'kuona m'kati. Munthuyo akati ayi, ankamuuza kuti amalize khofi wake.

M'chaka cha 2021 anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ndipo dokotala anawaletsa kuyendetsa njinga yamoto. Anamvera, koma anaonda, ndipo njinga yawo yakale anaifunditsa kuti asamaione. Loweruka lina mu Meyi, dzuwa litangotentha bwino, Morena anafika pa njinga yatsopano ija atapachika chipewa chachiwiri choteteza mutu pamkono. Bambo ake anakana. Anati chibadwire sanakhalepo kumbuyo kwa munthu, ndipo kampando kakumbuyoko n'kochepa kuposa chikhatho chawo. Deanna anatuluka m'nyumba ndi jekete lawo lachikopa, anawaveka ngati mwana, n'kuwauza kuti akapanda kukwera akwera iyeyo, anthu onse a pa Via Emilia aone. Ine ndinawanyamula mwendo wodwalawo kuuwolotsa pampando. Anagwira mwana wawo m'chiuno ndi manja onse awiri, maondo ali pafupi ndi makutu, ndipo ananyamuka kulowera njira ya ku Brisighella. Njingayo inali yofatsa mawu moti ndinawamva akumulangiza za magiya mpaka pa mphambano.

Anabwerako patapita maola awiri. Tinawatsitsa awiri, ine ndi Deanna, msana utauma gwa. Ndinawafunsa kuti ulendo unali bwanji, ndipo anati mtsikanayu amachedwa kugwira buleki pa makona, sakudziwa kuti anatengera ndani. Deanna anawasisita mankhwala kumsana masiku atatu akuwanena. Loweruka lotsatira anali ataima pageti ndi chipewa m'manja kuyambira eyiti koloko, ngakhale Morena anali atanena kuti afika teni.

Masiku ano shopu amatsegula m'mawa wokha, masana amakhala kwa ine kundiuza kuti matayala ndimaika molakwika. Mwezi wathawu, pa chakudya cha Lamlungu, Morena anadikira kuti mbale zichotsedwe n'kuwauza kuti amusamutsira ku gulu lopanga njinga yamagetsi. Anati wafuna kuti amve kwa iye asanaone m'magazini. A Nerio anasonkhanitsa nyenyeswa za buledi ndi chala. Kenako anafunsa ngati njingayo ilibiretu paipi ngakhale imodzi. Morena anati mapaipi alimo, a madzi oziziritsa batire, ang'onoang'ono ngati chala, ndipo pali pena pamene akuvuta kukhota.

"Ngati chala chiti?" anafunsa.

Morena anawaonetsa chala chake chaching'ono. Iwo anachigwira, anachiyeza ndi chawo, n'kunena kuti kapaipi kotero kamafuna mkuwa wofewa ndi dzanja losathamanga, ndipo akapempha chilolezo kwa mabwana ake abweretse kamodzi Loweruka.